Lamba wa injini uja, patha miyezi 8

Alamu anga andifunsa dzulo ngati angakagule fan belt kushopu komwe ndinagula yanga mu Epulo. Ndati ndilembe zonse mmene zayendera.

Lambayo payekha ndilibe naye chifukwa. Ndi 6PK, wa mizere isanu ndi umodzi, anakwana bwinobwino, ndipo mpaka lero sanang'aluke kapena kunyotsoka m'mbali.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi kulira. Kuzizira kwa mu Juni kutafika, ndikangoliza galimoto m'mawa pankamveka kwiii mpaka anthu oyandikana nawo nyumba kusuzumira pawindo. Injini ikatentha, zii. Ndinabwerera kwa wogulitsa kawiri. Ulendo woyamba anati, "Achimwene, ndi watsopano ameneyo, akhazikika." Wachiwiri anandigulitsa mankhwala opopera palamba. Anathandiza masiku awiri okha, kenako fumbi linamatirira, kulira kunachita kunyanya.

Sabata yatha ndikuchokera ku Ntcheu usiku, mvula ili pakati, magetsi ndi mawaipa zonse zili zoyaka, kanyali ka batire kanayamba kuphethira nditatsala pang'ono kufika pa Dedza. Mtima unali phaphapha, poti lamba yemweyo ndiye amazunguza alternator (yomwe imatchaja batire) ndi pampu ya madzi. Akanaduka, injini ikanatentha ndili pamsewu.

M'mawa mwake makaniko wina pa Dedza sanachedwe nazo. Anawaza timadzi kumizere ya lamba injini ikulira, phokoso n'kukula. Akuti likakula choncho ndiye kuti lamba akuterereka chifukwa sanakungike, koma likanatha kaye n'kubweranso tikanakayikira kuti mapule (timawilo tomwe lamba amayendapo) sakuyang'anizana. Anazimitsa injini, n'kuchotsa lamba, n'kumazunguza pule iliyonse ndi dzanja. Ya alternator inali myaa. Ya tensioner, kachipangizo kokunga lamba, inkachita khokhokho, sipuling'i yake itafookeratu. Nthawi yonseyi wolakwa anali ameneyu! Ngakhale lamba wanga wakale uja mwina ndinangomutaya ali bwino.

Tensioner ndi ntchito yake zandidyera ndalama yogulira malamba atatu. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti kushopu kuja sindidzapondako. Koma mtima utatsika ndinapita kukawafotokozera. Ndalama ya mankhwala aja anakana kubweza, ati botolo ndinatsegula kale, ndipo zimandiwawabe chifukwa akanangondiuza kuti ndikaonetse kwa makaniko.

Ndiye alamu, lambayo kaguleni, mtengo wake ndi wabwino. Koma musanapereke ndalama, makaniko wanu ayambe wagwira tensioner, ndipo botolo lija akakupatsani mulisiye pakauntala pomwepo.