Right to Buy ku England: ndi yabwino kwa wofuna kukhalamo

Ngati mwakhala pa lendi m'nyumba ya khonsolo ku England kwa zaka zokwanira, Right to Buy imakulolani kuigula motchipa. Mumadzaza fomu ya RTB1, ndipo kawirikawiri khonsolo imayankha pasanathe milungu inayi. Chokhumudwitsa n'chakuti kuyambira Novembala 2024 malire a ndalama zokuchotserani anatsika, ali pakati pa £16,000 ndi £38,000 kutengera dera.

Kugulitsanso msanga ndi kumene kumapweteka. Mukagulitsa m'chaka choyamba chigulireni, mumabweza zonse zomwe anakuchotserani, chachiwiri 80%, kenako 60%, 40% ndi 20%. Amawerengera pa mtengo wogulitsira, ndiye nyumba ikakwera mtengo mumabweza zambiri. Mukafuna kugulitsa zaka khumi zisanakwane, muyambe mwaitsatsa kwa khonsolo.

Ogula fulati akonzekere kusonkha ndalama zokonzera denga ndi makoma, zomwe nthawi zina zimakhala zambiri.