ShellCheck pa nkhani ya grep ndi mawu okhala ndi mpata: kabwino, koma sikaona zonse

Amene mumalemba masikiriputi a bash ndipo simunayesepo ShellCheck, kayeseni. Ndi kaulere, anakapanga Vidar Holen, ndipo pa Ubuntu kapena Debian mungolemba sudo apt install shellcheck basi kalowa. Sikayendetsa sikiriputi yanu ayi, kamangoiwerenga nkukulozerani mizere yomwe idzakuvutitseni tsiku lina.

Ine ndimayang'anira kaseva ka shopu ina ya zipangizo zomangira ku Limbe kuno, ndipo pali sikiriputi yomwe ndinaipeza itasiyidwa ndi amene analipo kale, yotulutsa mayina a makasitomala potengera dera kuti adalaivala adziwe kopita. Pa Ndirande, Bangwe, Chilomoni imagwira bwinobwino. Vuto limabwera dera likakhala la mawu awiri, Soche East, Ginnery Corner, Mount Pleasant. Mzere wake unali uwu:

grep $malo makasitomala.csv 2>/dev/null

Nde apa anthu ambiri amathamangira kunena kuti grep, kapulogalamu kosakira mawu mu mafayilo, ndi wopusa, pomwe grep alibe mlandu olo pang'ono. Bash ndi amene amayamba kutsegula $malo, momwe muli dzina la dera lija, ndipo ngati palibe ma quote amadula mawuwo paliponse pamene pali mpata, tab kapena mzere watsopano, malinga ndi zomwe zili mu IFS, mndandanda wa zizindikiro zomwe bash amadulira mawu. Ndiye grep salandira "Soche East" ngati chinthu chimodzi, amalandira Soche ngati mawu osaka, East ngati dzina la fayilo, kenako makasitomala.csv. Amadandaula ndithu kuti East palibe, koma 2>/dev/null ija inamutseka pakamwa, ndiye lipoti limatuluka looneka bwino lili ndi aliyense amene pa adilesi yake pali Soche. Chizindikiro chokha pa lipotilo choti zalakwika ndi choti mzere uliwonse umayamba ndi makasitomala.csv: chifukwa grep akuganiza kuti wapatsidwa mafayilo awiri, koma ndani angayang'ane zimenezo simenti ikudikira pa lole.

Nditayendetsa shellcheck pa sikiriputiyo sipanathe ndi sekondi yomwe, kanaloza pa $malo penipeni ndi nambala SC2086, nkulemba pansi pake mmene mzerewo uyenera kukhalira, grep "$malo". Apa ndi pamene kanandisangalatsa, sikangokuuza kuti walakwa, kamakupatsanso cholemba. Kanagwiranso for f in $(ls malipoti) yomwe imathyola fayilo ngati "Lipoti la Januwale.csv" kukhala zidutswa zitatu, nkunena kuti ndigwiritse ntchito malipoti/* m'malo mwake. Nambala iliyonse ili ndi tsamba lake pa wiki yawo, lofotokoza chifukwa chake ndi zitsanzo, ndipo kunena zoona masamba amenewo amaphunzitsa kuposa makosi ena omwe anthu amalipira mtauni muno.

Tsono zondinyansa. Choyamba SC2086 anaiika pa mulingo wa info, osati warning kapena error, ndiye wongoyamba kumene amaiona ngati kankhani kongokongoletsa nkuidumpha, pomwe ndi imene imaononga malipoti mwakachetechete. Sindikumvetsa bwanji anaichepetsa chonchi.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ShellCheck imaona sikiriputi yokha, deta yanu siiona. Mutaika ma quote onse bwinobwino kadzakhala chete ngati zonse zili mmalo, koma ngati wolowetsa mayina ku kauntala anamenya mpata kawiri pakati pa Soche ndi East, grep sapeza munthu ameneyo. Pamenepo mufunika grep -E 'Soche[[:space:]]+East'. Palinso kampata kena kachinyengo kamene kamabwera munthu akakopera mawu pa webusayiti kapena mu Word nkumata mu Excel, pa sikirini kamaoneka ngati mpata wamba koma si womwewo. Ine ndimakagwira ndi cat -A, kamatuluka ngati M-BM- ndipo pomwepo mumaonanso ^M kumapeto kwa mzere ngati fayilo inachokera pa Windows. ^M ameneyo akalowa mu $malo kudzera pa read, mudzasaka mpaka dzuwa kulowa osapeza kanthu, ShellCheck ili phee.

ShellCheck sikakukumbutsaninso za -F, yomwe imauza grep kuti asake mawuwo mmene alembedwera. Mukasaka "P.O. Box 12" popanda -F, kadontho kaja grep amakatenga kuti ndi chilembo chilichonse, nthawi zambiri sizipweteka koma mawu akakhala ndi [ kapena * zimasokonekera. Mzere womwe ndinakhazikika nawo ndi uwu:

grep -rF -- "$malo" malipoti/

Timizere tiwiri ito ndi toti mawu oyamba ndi - asatengedwe ngati option. Ndipo mukamapereka mayina a mafayilo kuchoka ku find kupita ku grep, find -print0 ndi xargs -0 ndiye njira yake, apo ayi mpata womwe uja ukupezaninso kutsogolo.

Aise amene muli pa Mac dziwani kuti ShellCheck kamadziwa sh, bash, dash ndi ksh, zsh ayi, pomwe macOS inasamukira ku zsh kuyambira 2019. Mu zsh $malo yopanda ma quote sidulidwa, ndiye chinthu chitha kugwira pa laputopu yanu nkukafera pa seva ya bash. Pali webusayiti yawo shellcheck.net yomwe mumangomata sikiriputi nkuona zotsatira, ndi yabwino poyesera, koma ine ndimakonda koika pa kompyuta, sikadya bandulo netiweki ikavuta kamagwirabe, komanso masikiriputi a kuntchito amakhala ndi mapasiwedi mkati omwe sindingamate pa intaneti.

Pa 5 ndikapatsa 4. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha info ija.