Penti ya madzi kapena ya mafuta: iti ikuyenera tindege tathu kuno ku Mzuzu?

Anzanga okonda kulumikiza tindege ta pulasitiki, ntchito ya guluu siivuta kwenikweni. Pamene kandege kamakongola kapena kuonongeka ndi pa penti. Tiyerekeze kuti muli ndi Hawker Hunter, ndege yankhondo ya ku Britain, yopangidwa ndi kampani ya Revell pa sikelo ya 1/72, kutanthauza yochepa ka 72 kuposa yeniyeni. Ndege yeniyeniyo inayamba kuuluka mu 1951, asilikali a ku Zimbabwe anaigwiritsapo ntchito, ndipo ndi yaitali pafupifupi mamita 14. Yanuyo ndi masentimita 19 okha, choncho mzere uliwonse wa burashi umaonekera patali.

Penti ya mafuta ya Humbrol, ija ya m'tizitini ta 14ml, ndi yokoma kupaka ndi burashi. Imachedwa kuuma, ndiye imapeza mpata woyala yokha, mizere n'kuzimirira. Nambala 163 ndi 164 ndi zobiriwira ndi zotuwa zija zimene ma Hunter a ku Britain ankapakidwa pamsana. Ikauma imagwira zolimba, ngakhale mumatepo tepi n'kumatula siisupuka wamba. Koma kuchedwa komweko ndiye vuto lake. Pachitini amati mudikire maola 6 musanapakenso, koma mu June ndi July, Mzuzu ikazizira ndi kamvula kowaza kaja, m'mawa mwake phiko limakhala likadanata. Mukalikhudza, chala chimasiya chidindo. Ikafika October chinyezi chatha, koma ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa fumbi la mumsewu limalowera pa windo n'kudzakhala pa penti yaiwisi. Vundikirani kandegeko ndi beseni mukangomaliza kupaka. Fungo nalo si locheza, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe muli ana simungapakiremo usiku.

Chenjezo limodzi lomwe ndimalinena kwa aliyense: posungunula penti imeneyi gulani white spirit kapena turpentine. Thinner wa magalimoto amene amagulitsa mu hardware amadya pulasitiki, ndipo akagwera pa galasi la woyendetsa limachita mbuu mpaka kalekale.

Za madzi zilipo mitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Penti ya Tamiya, monga XF-81 ndi XF-54 (zobiriwira ndi zotuwa zija), ili ndi sipiriti mkati. Anaipangira kwambiri airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, ndipo kumeneko imatuluka bwino zedi. Ndi burashi imauma msanga mopitirira, moti mukabwereza pamalo pomwe mwadutsa kale imakokolola yapansi n'kupanga timabulumwa. Airbrush imafuna compressor yopopa mpweya, compressor imafuna magetsi, ndiye ambirife tikadali pa burashi.

Vallejo Model Color ya ku Spain ndiyo ya madzi enieni. Mumadontheza madontho awiri pa chivindikiro cha botolo, n'kuthira dontho la madzi, basi. Ulendo woyamba imaoneka yonyansa, pulasitiki ikuonekera pansi, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kupaka yochindikala. Musatero. Pakani mopyapyala katatu, mukudikira pang'ono pakati, ndipo timizere ta zitsulo za ndege tidzaonekabe bwino. Kufooka kwake n'kwakuti siigwira pa pulasitiki yosakonza. Tsukani zidutswa zonse ndi sopo wa mbale, ziume, kenako pakani primer, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire. Mukapanda kutero, chikhadabo chokha chimaisenda.

Palinso nkhani ya kapezedwe, chifukwa zinthuzi timadalira achibale ochokera ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti. Penti ya mafuta imayaka moto, choncho mu ndege saloleza kuinyamula, ndipo ogulitsa ambiri akunja amakana kuitumiza. Tamiya nayo ili ndi chizindikiro cha moto pabotolo. Vallejo ilibe vuto limeneli, achimwene angokulungira tibotolo m'jumbo n'kuika m'chikwama.

Ine ndili kumbali ya Vallejo kwa aliyense wopaka ndi burashi kuno, chifukwa cha nyengo yathu komanso chifukwa imafika. Pomwe ndimagonjera Humbrol ndi kumimba kwa ndege, pa mtundu wa siliva. Nambala 11 imayala bwino kuposa siliva wa madzi amene amakonda kusiya mizere. Mukaipeza yobwera pa basi, gulani kachitini kamodzi, mudzapake mu September.

Iliyonse mungasankhe, musanamate ma decal, timapepala ta zizindikiro za ndege, pakani vanishi yowala. Pa penti yosawala mpweya umatsalira pansi pa kapepalako, ndipo m'mbali mwa chizindikiro mumayera ngati mwathira ufa.