Kuba base kapena bunt: masewera akathina

M'masewera a baseball, woponya mpira wa timu ina akakhala wamphamvu, timu yomenya siingadikire home run (kumenya mpira patali moti womenya azungulire ma base onse). Wothamanga akafika pa base yoyamba (ma base ndi malo anayi amene wosewera amazungulira kuti apeze run, kapena kuti chigoli) wina asanatuluke, mphunzitsi amasankha pakati pa njira ziwiri zomufikitsira pa yachiwiri: bunt kapena kuba base.

Bunt ndi yosavuta kumva. Womenya amagwira ndodo mopingasa n'kugunda mpira pang'ono kuti ugubuduke pafupi ndi mzere wa m'mbali mwa bwalo. Wothamanga amafika pa base yachiwiri, koma womenyayo amatulutsidwa, ndiye timu yataya out imodzi mwa zitatu (atatu akatulutsidwa, timu imasiya kumenya). Ndodo ikatsika kwambiri mpira umauluka n'kuwakhidwa. Ukagubuduka mwamphamvu kulunjika kwa woponya, amatulutsa wothamangayo.

Kuba, komwe ndi kuthamangira base yotsatira woponya akuponya osadikira kuti mpira umenyedwe, sikuwononga out ngati kwatheka, ndipo apa nkhani ndi masekondi. Pakati pa ma base pali mamita 27. Woponya amatenga pafupifupi masekondi 1.3 kuti mpira ufike kwa wowakha amene amakhala kumbuyo kwa womenya, wowakhayo masekondi 2 kuti aufikitse pa base yachiwiri. Wothamanga ali ndi masekondi 3.3 basi. Amayang'ana phazi la woponya: akalinyamula m'mwamba mochedwa, nthawi yothamanga ndi imeneyo. Woponya wamanzere ndi wovuta chifukwa amayang'anizana ndi base yoyamba. Wogwidwa koposa kamodzi pa maulendo anayi akuwononga timu.

Mu 2004, Boston Red Sox ikutsalira 4-3 mu inning (gawo la masewera) ya 9, wothamanga wake Dave Roberts anaba base yachiwiri Mariano Rivera wa New York Yankees akuponya. Bill Mueller anamenya, Roberts anafika pa base yomaliza n'kupeza run yofananitsa zigoli, Boston inapambana mu inning ya 12.

Bunt isungireni womenya wofooka, pamene run imodzi ikukwanira.