Ulendo wotsata akasinja oyamba ku Flers ndi ku Flesquières: m'mawa ndi wabwino kwambiri, masana ndi wothamanga

Timakampani toonetsa alendo malo a nkhondo yoyamba ya padziko lonse tilipo tambiri m'matauni a Albert ndi Arras, kumpoto kwa France. Tambiri timatengera anthu ku Thiepval, ku chidzenje cha Lochnagar ndi ku Beaumont-Hamel, kumene kuli nkhani ya pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo yaikulu ya m'dera la Somme. Ine ndinasankha ulendo wina umene anthu sauthamangira kwenikweni, wotsata akasinja oyamba: m'mawa ku Flers ndi midzi yoyandikana nayo, masana ku Flesquières pafupi ndi Cambrai. Kampani yake ndi ya munthu mmodzi, bambo achikulire a ku England amene anakhazikika konko, ndipo iwo omwewo ndiwo dalaivala, ofotokoza komanso olandira ndalama. Amayendetsa kaminibasi ndipo amanyamula anthu ochepa. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo chakudya cha masana ndi tikiti yolowera kokaona kasinja mumalipira padera. Kunena mosapsatira, gawo la m'mawa lokha linabweza ndalama yanga. La masana lili ndi zofooka zake.

Ntchito yanga ndi yokonza magalimoto akuluakulu, choncho ndinanyamuka ndili ndi mafunso a injini ndi magiya okhaokha. Bambowa anandiyankha onse, koma chimene anandiphunzitsa kwambiri sichinali cha mu injini ayi. Chinali cha mtunda wa pakati pa kasinja ndi msilikali woyenda pansi.

Tinayambira m'mbali mwa nkhalango ya Delville Wood ku Longueval. Pamenepa ndi pamene kasinja wotchedwa D1, wotsogozedwa ndi Kaputeni Harold Mortimore, analowa m'nkhondo m'bandakucha wa pa 15 September 1916, woyamba pa akasinja onse padziko. Anayenera kukhala atatu pamalopo, koma anafika yekha, ndipo iyenso sanapite patali asanaphulitsidwe ndi chipolopolo cha mzinga. Tsiku limenelo asilikali a Britain anali ndi akasinja 49 a mtundu wa Mark I, ndipo amene anakwanitsa kufika poyambira anali 32 okha. Ena anafera m'njira usiku, ena anatitimira m'maenje asanaone n'komwe mdani.

Titafika pa chipilala cha asilikali a New Zealand, chimene chili pamtunda kumpoto kwa Longueval, bambowa anazimitsa galimoto n'kutiuza kuti kuyambira apa tiyenda wapansi mpaka ku Flers. Mudziwo umaoneka bwino kuchokera pamenepo, uli m'kachigwa, nsanja ya tchalitchi itatulukira pamwamba pa mitengo. Anatulutsa wotchi n'kutigawa pawiri. Ena anawauza kuti ndinu asilikali oyenda pansi, muziyenda motsatira liwiro la mabomba a mizinga ya kwanu amene akugwa patsogolo panu n'kumasendera pang'onopang'ono, ndipo mukatsalira ndiye kuti Majeremani atuluka m'maenje awo n'kukutchetchani. Enafe anatipatsa ukasinja. Mark I ankathamanga makilomita 6 pa ola pamalo abwino, koma pa nthaka yokumbikakumbika ndi mabomba ankachita kukwawa, ndiye bambowa ankangotibweza: "Chepetsani, mwafulumira." Pasanathe mphindi zambiri anzathu aja anali kutali, ife tikuwaona misana. Ndinawerengapo kale kuti akasinja ambiri tsiku limenelo anatsalira m'mbuyo mwa anthu amene ankayenera kuwateteza, koma kuziona ndi miyendo yako n'kwina. Poyamba ndinkaona ngati masewera a ana a sukulu, koma ndi chinthu chanzeru kwambiri pa ulendo wonsewu.

Pamenepo ndi pamene anafotokozanso cholakwa chimene chinaphetsa anthu ambiri. Poopa kuphulitsa akasinja awo omwe, akuluakulu a nkhondo analamula kuti oombera mizinga asiye mipata ya mamita pafupifupi 90 m'lifupi yopanda mabomba, kuti akasinja adutsemo. Koma akasinjawo anawalunjikitsa pamalo amene Majeremani anali olimba kwambiri. Ndiye kasinja akafera m'njira, mpata uja unkatsala wopanda bomba komanso wopanda kasinja, ndipo mfuti zachiwaya zimene zinali mmenemo zinkagwira ntchito yake popanda chozisokoneza.

Msewu waukulu wa Flers ndi wamfupi, nyumba za njerwa zofiira mbali zonse, zonse zomangidwa nkhondo itatha chifukwa mudzi wakale unasanduka bwinja. Kumapeto kwake kuli chiboliboli cha msilikali, chokumbukira gulu la 41st Division limene linalanda mudziwu. Mumsewu umenewu ndi mmene munadutsa D17, wotchedwa Dinnaken, wotsogozedwa ndi Lefutenanti Stuart Hastie, akuombera m'mabwinja a nyumba. Nyuzipepala za ku London zinalemba ngati kuti kasinjayo ankayenda mwaufumu gulu lonse la nkhondo likumuimbira m'manja pambuyo. Bambo athu sanaikometse nkhaniyi, ndipo ndinawakonda chifukwa cha zimenezo. Anati asilikali amene analowa mu Flers anali otsala ochepa, akuluakulu awo ambiri atafa kapena kuvulala, ndipo Dinnaken atafika kumapeto kwa mudzi anatembenuka n'kubwerera, injini ikuvuta, mpaka anakaima. Chimene anachita n'chakuti pa nthawi imene anthu anali atakakamira pa waya waminga kunja kwa mudzi, iye anaupondereza n'kuwatsegulira njira, ndipo Majeremani amene anali asanaonepo chinthu chotere anachita mantha. Zinali zokwanira kuti pasanathe masiku ambiri mkulu wa asilikali a Britain, Douglas Haig, apemphe akasinja ena 1,000.

Za m'kati mwa galimotoyi anazifotokoza titakhala pansi pa chiboliboli chija, ndi zithunzi zokutidwa ndi pulasitiki. Matani 28 ankakokedwa ndi injini ya Daimler ya mahosipawa 105, yocheperapo kuposa ya malole ambiri amene ndimakonza. Injiniyo inali pakatikati pa chipinda chimene munali anthu 8, ndipo kwa ine zili ngati kuika injini ya lole m'kati mwa kabini, n'kutseka mawindo onse, n'kuuza anthu kuti mugwire ntchito mmenemo tsiku lonse. Utsi, kutentha, phokoso loti munthu sungamve mnzako. Masipuling'i kunalibe. Kuyendetsa kokha kunkafuna anthu 4: dalaivala, mtsogoleri amene ankagwiranso mabuleki, ndi awiri kumbuyo osintha magiya, aliyense wa tcheni cha mbali yake. Dalaivala akafuna kukhota ankamenya chitsulo ndi sipanala kuti awiriwo acheuke, kenako n'kuwapatsa chizindikiro ndi zala. Zipolopolo zikamenya kunja, tizidutswa ta chitsulo chotentha tinkathethekera m'kati, m'maso ndi kumaso. Uthenga wopita kwa akuluakulu unkanyamulidwa ndi nkhunda. Nanga msilikali amene wagona m'dzenje panja, akuona bwinobwino pamene pali mfuti imene ikupha anzake, akanamuuza bwanji dalaivala amene akuonera pa kamng'alu? Nthawi zambiri sankatha.

Malo amene anandigwira mtima koposa ndi munda wamba pakati pa Flers ndi Gueudecourt, popanda chipilala chilichonse. Apa panali ngalande ya Majeremani yotchedwa Gird Trench, imene inalepheretsa asilikali a Britain kulowa mu Gueudecourt pa 25 September 1916. M'mawa mwake kasinja mmodzi yekha, wotsogozedwa ndi Charles Storey, anayenda m'mphepete mwa ngalandeyo akuomberamo, asilikali oponya mabomba a m'manja akumutsatira pafupi, ndege ikuombera kuchokera kumwamba. Majeremani anapanikizidwira kumapeto kwa ngalande ndipo pafupifupi 370 anadzipereka, pamene a Britain amene anafa kapena kuvulala anali 5 okha. Mudziwo unagwa tsiku lomwelo. Galimoto yake inali Mark I yemweyo wa pa 15 September, wochedwa yemweyo, wofuka utsi yemweyo. Chinasintha n'chakuti anapatsidwa ntchito imodzi yooneka ndi maso, ndipo anthu oyenda pansi anali naye phazi ndi phazi. Bambowa anatisiya titaima pamenepo nthawi yaitali, mapu a nthawi ya nkhondo ali m'manja, akutilozera mmene ngalandeyo inkapindikira m'mundamo.

Ku Pozières tinangoima pang'ono pa chipilala cha Tank Corps, gulu la akasinja la Britain, chimene chili ndi tiakasinja tinayi ta mkuwa m'makona mwake, ndi mpanda wopangidwa ndi mipope ya mizinga ndi matcheni a akasinja. N'chokongola, koma ndi malo ojambulirapo chithunzi basi. Courcelette, umene unalandidwa ndi asilikali a Canada tsiku lomwelo la 15 September, tinangouona pawindo.

Mavuto anayamba ndi chakudya. Bambowa ndi okonda kucheza, ndipo kumalo odyera kumene anatitengera amadziwana ndi aliyense, choncho tinanyamuka mochedwa. Kuchokera ku Somme kukafika ku Flesquières sipakwana ola limodzi, koma dzuwa linali litapendeka kale, ndipo zonse zotsala zinachitika mothamanga.

Zinandipweteka chifukwa ku Flesquières kuli chinthu chimene munthu angakhale nacho maola ambiri. M'nyumba ya konkire yotchedwa Cambrai Tank 1917, pafupi ndi manda a asilikali a Britain, muli D51 Deborah, kasinja wa Mark IV wa mfuti zachiwaya zokhazokha. Analowa m'mudziwu pa 20 November 1917 motsogozedwa ndi Frank Heap, ndipo potulukira mbali ina anamenyedwa ndi mizinga. Pambuyo pake anakwiriridwa m'dzenje, mpaka Philippe Gorczynski wa ku Cambrai anamupeza mu 1998 atamufufuza zaka zambiri. Sanamupente kapena kumuwotcherera. Kutsogolo kwake n'kong'ambika monga mmene zipolopolo zinamusiyira, ndipo chitsulo chake, chimene pamalo ochindikala kwambiri ndi mamilimita 12, chimaoneka chopyapyala modabwitsa ukachiona pong'ambikapo. Ena mwa anyamata amene anafera mmenemo ali m'manda a kuseri kwa khoma. Ine ndinkafuna kuyang'anitsitsa marivetsi ndi mmene matcheni analumikizidwira, koma ndisanakhutire bambowa anali atayamba kale kugwedeza makiyi.

Ndinasiyana nawonso maganizo pa nkhani ya George Harper, mtsogoleri wa 51st Highland Division, gulu la Britain limene linapatsidwa ntchito yolanda Flesquières. Pa 20 November paja, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Cambrai, panali akasinja 476 osonkhanitsidwa, 378 mwa iwo omenya nkhondo, ambiri atasenza mitolo ikuluikulu ya nthambi yoponya m'ngalande za Majeremani zotchedwa Hindenburg Line kuti awolokerepo. Pafupifupi paliponse anapyola, koma Flesquières anakana mpaka usiku. Bambo athu amaika mlandu wonse pa Harper, kuti sankakhulupirira akasinja ndipo anasiya asilikali ake kutali m'mbuyo. Mbali ina ndi zoona, ndipo zikugwirizana ndi zimene anatiphunzitsa m'mawa. Koma mukaima pamwamba pa mtundawo mumaona nokha kuti kasinja aliyense wokwera kuchokera kum'mwera ankatulukira pamwamba mimba ili poyera, pamene mizinga ya gulu la 54 la Majeremani inali itabisala kuseri, ndipo mtsogoleri wawo, Oskar von Watter, anali atawaphunzitsa dala kuombera zinthu zoyenda. Ngakhale asilikali akanakhala pafupi, mizinga imeneyo ikanagwetsabe ambiri. Nditanena zimenezi anangoti nthawi yatha. Ndipo ulendo wonsewu mbali ya Majeremani imamveka pang'ono kwambiri, ngati kuti anali mitengo yongoima kudikira kugundidwa.

Chondidandaulitsa chachikulu ndi Fontaine-Notre-Dame. Mudziwu uli pa pulogalamu imene amatumiza munthu akamalipira, koma tinangodutsa pamsewu osaima. Pamene ndi pomwe pali phunziro lenileni la kasinja m'kati mwa mudzi. Pa 23 November 1917 akasinja analowa m'misewu yake yopanikiza asilikali oyenda pansi atatsalira, ndipo Majeremani anapeza kuti mfuti za m'mbali mwa kasinja sizingaloze pansi pafupi kapena m'mwamba kwambiri. Ankamuyandikira n'kuponya mitolo ya mabomba pansi pa matcheni, ena akuombera padenga lake lopyapyala kuchokera m'mawindo a nyumba zosanja. Tsiku lomwelo mabelu a matchalitchi ankalira ku England kukondwerera chipambano cha Cambrai, ndipo pa 30 November Majeremani anabwezera n'kulandanso mbali yaikulu ya malo amene anataya. Ulendo wonena za akasinja ndi midzi suyenera kulumpha malo amenewa.

Ngati mukufuna kupita, valani nsapato zolimba chifukwa matope a choko a ku Somme amamata ndipo amaterera. Zipolopolo zakale zimene alimi amaunjika m'mbali mwa minda musazikhudze, zina zikadali zamoyo. Funsiranitu masiku amene nyumba ya Deborah imatsegulidwa musanasankhe tsiku. Tengani chakudya chanu, ndipo muwauze bambowa poyambirira kuti mudyera m'galimoto ndipo mukufuna kukaima ku Fontaine. Le Hamel, mudzi umene asilikali a Australia otsogozedwa ndi John Monash analanda m'mphindi 93 pa 4 July 1918 ndi akasinja 60 a Mark V, atayamba ayeserera nawo pamodzi, sali pa ulendowu. Ali pa ulendo wina wa kufupi ndi Villers-Bretonneux umene amalipiritsa padera.