Kosi ya first aid ya ma sports master: pitani ndithu, koma bokosi lawolo musagule

Kwa aphunzitsi anzanga amene muli ma sports master ndi ma madamu a netball, kosi ya first aid ija ikuzungulira m'ma TDC (malo ophunzitsira aphunzitsi m'mazoni), ya bungwe lina la ku Blantyre, ife a zoni yathu kuno ku Chikwawa tapanga nawo teremu yathayi, ndipo ndalama yomwe sukulu inalipira sinapite pachabe ayi, ngakhale pali zina zomwe sizinandisangalatse.

Chomwe ndinaikondera, sanatipatse manotsi n'kumatiwerengera. Anabwera ndi chidole chija cha mutu ndi chifuwa chokha, aliyense kugwada pansi n'kumadina pachifuwa mpaka thukuta kamukamu, kuphunzira CPR, njira yothandizira munthu amene mtima waima. Kudina ka 30 kenako kupumira mkamwa kawiri, liwiro lake ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mikono osapinda. Ambiri amadina mwaulemu kuopa kuthyola nthiti, mayi amene amatiphunzitsawo, ndi nesi, ananena mosapsatira kuti nthiti imapola koma ubongo ukakhala mphindi zochepa opanda magazi ndiye basi. Anatikumbutsa za Marc-Vivien Foé wa Cameroon amene anagwa yekha pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003 n'kumwalira, ndi Christian Eriksen wa Denmark amene anagwanso choncho mu 2021 koma anapulumuka chifukwa anamuyamba CPR pompopompo n'kumuikanso makina a shoko aja odzutsa mtima ndi magetsi. Makinawo ife tilibe koma manja tili nawo, ndiye mwana akagwa yekha osamugunda munthu ndipo sakupuma bwinobwino, zomukupiza ndi jezi zija tisiye, wina ayambe kudina wina athamangire transipoti.

Koma gawo lomwe ndikufuna mphunzitsi aliyense alimve ndi la kugundana mitu. Inu mukudziwa mmene zimakhalira pa magemu a MASSA, bungwe la masewera a m'sukulu lija, ana awiri alumphira mpira umodzi, gu! wina wagona, timathamanga ndi kabotolo ka madzi kumuthira pamutu n'kumufunsa kuti uli bho, mwana poti anzake akuimba kunja ndipo sakufuna kuoneka wofooka amati eya sala, n'kubwerera mugemu. Zimenezi n'zoopsa kwambiri chifukwa ubongo wa mwana umatha kugwedezeka ngakhale asanakomoke. Umufunse kuti tikusewera ndi sukulu iti, ndi hafu yanji ino, wagoletsa ndani, akamazengereza kapena akuti mutu ukuwawa, chizungulire, akuona zinthu ziwiriziwiri, atuluke ndipo tsiku limenelo asalowenso olo akhale sitiraika amene timu yonse imadalira, olo a hedi ndi anthu a m'mudzi akukuwize bwanji. Ndiye umuperekeze kwawo ukawauze makolo kuti akayamba kusanza, kuwodzera modabwitsa, kulankhula zosamveka kapena mutu ukunka nuwawa, asadikire kuti kuche, apite naye kuchipatala. Ndipo ngati akudandaula khosi kapena sakumva miyendo, zomunyamula anthu anayi manja ndi miyendo zija ayi, agone pomwepo mutu mutaugwira kuti usagwedezeke. Apa anatitengera nthawi, tinachita kusinthana wina kukhala mwana wina kochi, ndipo gawo ili lokha ndalama ija yabwera.

Za kutentha anakamba bwino ngakhale ife a ku Lower Shire tikanawaphunzitsa ndife. Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40 koma magemu timaikabe 1 koloko masana, ana ena atangodya phala la m'mawa lokha. Anati gemu iziima pakati pa hafu ana amwe madzi, osadikira ludzu, ndipo mwana akayamba kubwebweta thupi lili moto, mthunzi, kumuvula jezi, kumuthira madzi thupi lonse uku mukukupiza, ulendo kuchipatala. Thanzi ORS akhalepo, akasowa ndi lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Ine ndinawonjezera nkhani ya kapu imodzi yomwe timu yonse imaviika mundowa, tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatithera anthu, gulani ndowa ya mpopi chonde.

Mphenzi anangodutsapo mwachangu koma mfundo yake ndi yomveka, kukagunda ana onse mukalasi osati pansi pa mtengo wa mango, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pomwe kwagunda komaliza. Khunyu nayenso, osaika supuni mkamwa, osamupanikiza, kungochotsa zomwe zingamuvulaze, akasiya kumugoneka chammbali, ndipo sapatsirana.

Tsono zondidandaulitsa. Kosi iyi anaikonza akuganiza za sukulu za mtauni za mpanda. Chilichonse akuti ikani ayezi, imbani ambulansi, pomwe ife firiji ili ku trading centre ndipo ambulansi yathu ndi njinga yamoto ya kabaza yomwe uyenera kukhala ndi nambala yake ndi ndalama yake m'thumba gemu isanayambe. Nzeru ya ayezi inachokera kwa madamu ena a sukulu yoyandikana nafe osati kwa ophunzitsawo, anati mafirizesi amene azimayi amagulitsa pabwalo aja, kukulunga pansalu n'kuika pa kakolo mphindi 15 mpaka 20, mwendo uli m'mwamba, m'malo mokoka mwendo ndi kuthowa ndi madzi otentha zomwe zimangowonjezera kutupa. Komanso za bwalo lenilenilo sananenepo kanthu, pomwe ana athu ambiri amavulala ndi zitsa, maenje, minga, mabotolo osweka, mapolo a golo odyedwa ndi chiswe, ndi zija zoti wina wavala mabutsi wina ali chapansi, kapena chimnyamata cha ndevu chikusewera ndi mwana wa zaka 12 chifukwa sukulu ina yabera zaka. Ngakhale za kafumbata mwana akabayidwa ndi msomali tinachita kufunsa tokha. Zonse amalankhula mu Chingerezi pomwe zimenezi tikazifotokozera makolo ndi ma prefect mu Chichewa ndi Chisena.

Bokosi la first aid lija ndiye ayi. Amalitsatsa pomaliza anthu mitima itatentha, lokongola lofiira, koma kutsegula mkati muli timapulasitala ting'onoting'ono, bandeji imodzi yotamuka, magolovesi mapeya awiri, sizasi yobuntha ndi sipule yotentha ija yomwe iwo omwe anali atatiuza kuti tisamapopere pamalo pongovulala kumene. Zina deti yake yatsala pang'ono kutha. Pitani ku famase mugule nokha magolovesi bokosi lathunthu chifukwa magazi a mwana wa eni sugwira ndi manja, ma bandeji otamuka angapo, gozi, pulasitala ya rolo, sopo, Thanzi ndi ma pad a atsikana a netball, nsalu yokolekera mkono mudula ku chitenje, zonse muike m'chikwama wamba ndipo chenji itsala.

Ngati a PEA anu, alangizi a maphunziro a pulayimale, alengeza kuti a kosiwo afika ku zoni yanu, auzeni a hedi atumize anthu awiri, sports master ndi madamu a netball, chifukwa mabwalo awiriwa amakhala otalikirana ndipo magemu amaseweredwa nthawi imodzi. Muvale zoti mutha kugwada nazo pansi. Ma satifiketi anati atumiza koma mpaka pano sanafike, ndiye mufunsiretu za zimenezo musanalipire.