Mfuti ku Australia ndi ku America: Chilolezo Kapena Ufulu?

Mu April 1996, munthu wina anapha anthu 35 ndi mfuti ku Port Arthur, m'chigawo cha Tasmania ku Australia. Pasanathe milungu iwiri, boma la John Howard linagwirizana ndi zigawo zonse za Australia zoletsa mfuti zowomba mofulumira, kenaka linagula kwa anthu mfuti zoposa 600,000 n'kuziphwanya. Kumeneko mfuti umakhala nayo boma likakuloleza, ndipo kungonena kuti ukufuna kudziteteza si chifukwa chokwanira.

Ku America ndi ufulu. Unalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1791, ndipo mu 2008 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Heller, linagamula kuti munthu angathe kusunga mfuti pakhomo podziteteza. Mlimi wokhala kutali ndi apolisi akamati akufuna mfuti yodzitetezera ali ndi mfundo ndithu, sindimutsutsa. Koma ana 20 ndi akuluakulu 6 ataphedwa pasukulu ya Sandy Hook mu 2012, bilu yoti ogula mfuti ambiri azifufuzidwa kaye inakanika ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, chaka chotsatira. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Ine ndili kumbali ya Australia. Alimi ndi alenje kumeneko mfuti zawo akadali nazo, kungoti amazilembetsa n'kuzisunga mokhoma.